Mantha a Amuna Anga Tinkawayeza ndi Nyemba

Kwathu ku Mualadzi, mkamwini akakumana ndi apongozi ake aakazi panjira sapereka moni ngati munthu wamba. Amapatuka, n'kulowa patchire, n'kunjuta maso ali kwina mpaka apongoziwo atadutsa. Moni amaperekera komweko, mawu akutuluka m'maudzu, manja akuomba. Amene anayambitsa mwambowu ndikhulupirira kuti kwawo kunalibe chitedze.

Amuna anga pa zimenezi anali katswiri. Atabwera kudzakhala pamudzi pathu, monga amachitira akamwini onse, ankati akangowaona amayi chapatali n'kukhala atalowa kale patchire. Tsiku lina anapatukira m'chitedze, n'kukhala momwemo mwaulemu wonse pamene amayi ankadutsa pang'onopang'ono ndi mtolo wa nkhuni, ndipo anafika kunyumba akudzikanda ngati galu wa utitiri. Amayi zinawasangalatsa kwambiri. Ankauza anzawo kudambo kuti mwana wawo anapeza mwamuna woleredwa bwino. Za kulima sankachita kunena, chifukwa munda wawo wa pamsekese, umene mkamwiniyo ankalima chaka ndi chaka, aliyense wodutsa ankauona yekha.

Nkhondo itafika kudera kwathu mchere unasowa, ndipo amuna ankayenda wapansi kupita ku Cassacatiza kukaufuna kwa anthu ochokera ku Zambia. Amuna anga anapita ndi msuweni wawo. Pobwerera, msuweniyo anapatuka panjira kuti ataye madzi. Anangoyenda mapazi atatu okha, akuyankhulabe za njinga imene ankafuna kudzagula, n'kuponda bomba lokwirira pansi, lija tinkalitchula kuti mina. Amuna anga anafika kunyumba ndi mchere wa anthu awiri, osadziwa kuti anaunyamula bwanji.

Thupi lawo linalibe bala ngakhale la minga. Koma kuyambira tsiku limenelo anasiya kuponda paliponse pamene panalibe phazi la munthu wina. Pabwalo ankayenda, chifukwa ndinkasesapo ine. M'njira ankayenda, pakatikati penipeni, maso ali pansi ngati ataya singano. Koma paudzu, patchire, m'munda, ngakhale kuseri kwa nkhokwe, ayi ndithu. Boma linali litatopa n'kutiuza kuti tikumbe zimbudzi, ife tikungovomera pakamwa. Amuna anga anakumba chawo m'masiku awiri, m'mphepete mwa bwalo, ndipo mlembi wa mudzi anabwera ndi anthu kudzawaonetsa chitsanzo cha nzika yomvera.

Poyamba ndinkaseka nawo. Kenako dzuwa linayamba kutentha, anthu anayamba kusosa ndi kupanga mizere, ine ndikulima ndekha mwana ali kumsana, amuna anga akuluka mphasa pakhonde. Mphasa zinali zokongola, koma palibe anadyapo mphasa.

Chimene chinautsa mlandu sichinali munda ayi. Tsiku lina amuna anga akupita kudambo kukasamba anakumana ndi amayi akuchokera kotunga madzi, mtsuko uli pamutu. Njira ya kumeneko ndi yopapatiza, udzu mbali zonse. Amayi anaima kudikira ulemu wawo. Amuna anga anaimanso. Amayi anatsokomola. Amuna anga anayang'ana kumanja, n'kuyang'ana kumanzere, thukuta lili kamukamu, kenako anatembenuka n'kuyamba kubwerera kumudzi. Kuthamanga sakanatha popeza ankayenera kuona pamene akuponda. Choncho analowa m'mudzi iwo ali patsogolo, amayi ali pambuyo pawo ngati akukusa mbuzi, ndipo akazi amene ankasinja anasiya misi ili m'mwamba.

Amayi anatula mtsuko n'kuyankhula kuti mudzi wonse umve.

"Ine ndakula ndithu, imvi izi. Koma sindinayang'anepo matako a mkamwini mtunda wautali chonchi."

Madzulo ake anaitana atsibweni, mlongo wawo, amene analinso nkhoswe ya ukwati wathu. Atsibweni anali munthu wofatsa amene ankaweruza molimba mtima chilichonse chimene amayi aweruza kale. Pamaso pa mbumba yonse ananena kuti mkamwini wosalima ndiponso wosapatuka ndi mlendo chabe, ndipo mvula yodzalira ikagwa munda wa pamsekese usanathe kupangidwa mizere ndi khasu lake, atenge mphasa yake abwerere kwawo.

Kwawoko kunali kutsidya kwa mtsinje, kumene midzi inali itatenthedwa ndipo amuna ankagwidwa kukasenza katundu wa anyamata a m'tchire, asilikali oukira boma aja. Obwerako anali ochepa. Kuwabweza kwawo kunali kuwapereka m'manja mwa imfa. Amayi ankadziwa, atsibweni ankadziwa, koma mawu anali atatuluka kale pagulu, ndipo amayi sanamezepo mawu awo chibadwire.

Ine amuna anga ndinkawakonda. Ndikunena poyera tsopano chifukwa masiku amenewo sitinkanena zimenezi, munthu ukanena ankati wadyetsedwa mankhwala. Ndinkawakonda, ndipo ndinkawakwiyira kwambiri moti nthawi zina ndinkalakalaka kuwakankhira paudzu ndi manja anga.

Tinayesa zimene anthu amayesa. Sing'anga anatenga nkhuku n'kuwatema mphini kumapazi, mapaziwo n'kutupa, ndiye kwa mlungu wathunthu anali ndi chifukwa chenicheni chosapitira kumunda. A katekisita, amene ankatsogolera mapemphero chichokereni ansembe, anawaza madzi odalitsa m'munda monse. Amuna anga anathokoza mwaulemu, kenako n'kufunsa ngati madziwo amalowa pansi mpaka pamene pamakhala mina. A katekisita anati zimenezo sanaphunzire.

Kufupi ndi kwathu kunali kachipatala kakang'ono, ife tinkati posito, ndipo kunali namwino wamwamuna wochokera ku Tete, amene tinkamutchula kuti anifirimeru. Anali wowonda, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Ndinapita kukawapempha jakisoni wa mantha. Anandionetsa mashelefu awo, mmene munali botolo limodzi la mankhwala ofiira a zilonda ndi buluzi.

"Mayi, ngakhale kwinini ndilibe," anatero. "Koma ndili ndi buku."

Bukulo linali la Chipwitikizi, losiyidwa ndi masisitere pothawa, lopanda chikuto, ndipo makoswe anali atadya masamba omaliza. Anifirimeru, posowa wobaya, anali ataliwerenga kangapo. Anandifotokozera kuti kumayiko akutali anthu ophunzira amasonkhanitsa anthu amantha, ena oopa agalu, ena njoka, ena kukwera pamwamba, n'kumayesa njira zosiyanasiyana kuti aone imene ikuchiritsa. Ndipo akuti yothandiza ndi kumuyandikizitsa munthu pang'onopang'ono ku chinthu chimene akuopacho mpaka mtima utazolowera, komanso kumufunsa bwinobwino chimene akuganiza kuti chichitika, n'kupita kukaona ngati chichitikedi. Iwo ankafuna kudziwa ngati zimenezi zingagwire ntchito pa anthu ngati ife. Anali ndi kope limene ankalembamo anthu awo: mayi wina amene ankalowa pansi pa nkhokwe akamva galimoto, ndi mphunzitsi amene anasiya kugona m'nyumba. Amuna anga anakhala achitatu.

Nditawauza amayi, anafunsa kuti, "Ndiye kwawoko agalu ndiwo nkhondo yawo?" Kenako anati mankhwala osawawa, osabaya, osanunkha, amenewo ndi macheza chabe, ndipo mwana wa bomayo ngati wasowa ntchito abwere adzagwire khasu.

Anabweradi, panjinga, koma osati kudzalima. Anakhala pakhonde ndi amuna anga n'kuyamba mafunso.

"Bambo, mukaponda m'munda, mukuganiza kuti chichitike n'chiyani?"

"Ndiphulika."

"M'mundamo mwadutsa ndani chikolorereni?"

"Mbuzi. Ng'ombe za atsibweni. Akazi otola mapesi. Mayi a mwanawa amalimamo tsiku lililonse."

"Waphulika ndani?"

"Palibe. Koma sanaponde ponse."

Apa anifirimeru anafuna kuonetsa nzeru. Anati, "Komatu bambo, mina zambiri amazikwirira m'njira ndi m'misewu, mmene mumayendamo inumo, osati m'minda." Ndinaona nkhope ya amuna anga ikusintha, ndipo ndikanakhala ndi munsi pafupi, posito ikanakhala yopanda namwino tsiku lomwelo. Masiku atatu otsatira amuna anga sanatsike pakhonde. Anifirimeru atabweranso anapepesa, n'kulemba m'kope mwawo kuti kulakwa kunali kwawo, ndipo anandiwerengera kuti ndimve. Aka kanali koyamba kuona munthu wa boma akulemba yekha kulakwa kwake.

Atatero anayamba bwino. Anati, "Bambo, sindikuchiritsani mantha a mina. Mina ndi yoopsa, wosaiopa ndi chitsiru. Kutchire kosadziwika musapiteko, ngakhale ine sindipitako. Ine ndikufuna tichotse mantha a kuseri kwa nkhokwe yanu ndi a munda wa apongozi anu, basi."

Anandituma nyemba khumi. Anati popeza mantha saoneka, tiziwayeza. Akakula mpaka munthu kuona ngati akufa, ndiye nyemba khumi. Akakhala ngati a munthu woona njoka yakufa, ziwiri. Amuna anga aziponda pamalo amodzi oopsa pang'ono, anene nyemba zawo, ndipo asachokepo mpaka zitatsika kufika pa zitatu.

"Chachikulu n'kusathawa," anatero. "Mukathawa mantha ali pamwamba, mtima umati ndapulumuka chifukwa chothawa, ndiye mawa umakuthawitsani msanga. Mukakhala, umatopa wokha. Pasiyensiya, bambo, ndiko kuti kudekha."

Kenako anatembenukira kwa ine. Masiku onsewo ndinkayenda patsogolo pa amuna anga ndikupondaponda mwamphamvu ngati ndikuvina, n'kumati, taonani, palibe kanthu. Ndinkayesa ndikuthandiza. Anifirimeru anati ndisiye, chifukwa amuna anga akuphunzira kuti nthaka imakhala yabwino pokhapokha mkazi wawo atayamba waiponda. Zinandipweteka kwambiri. Ine wolima ndekha, wotunga ndekha, ndiye ndinapezeka kuti ndikudyetsa matendawo. Sindinawayankhe moni anifirimeru kawiri konse, koma kupondaponda ndinasiya.

Tinayambira kuseri kwa nkhokwe. Mwamuna wamkulu, bambo wa mwana, ataima phazi limodzi paudzu wofika m'kakolo, akunena kuti zisanu ndi zitatu, munthu wa magalasi akulemba. Anthu a m'mudzi anapeza chosangalatsa chaulere. Ena ankabwera ndi mipando. Atsibweni ankafika m'mawa uliwonse kudzafunsa kuti lero msika wa nyemba uli bwanji. Tsiku lina tambala anameza ziwiri zimene zinali pansi, atsibweni n'kunena kuti basi mantha sangafikenso pa khumi, tibwereke atambala ena anayi nkhani ithe.

Koma nyemba zinkatsikadi. Ine ndinkaona ndi maso anga. Munthu amene anayamba ndi zisanu ndi zitatu, mapewa ali m'makutu, pakapita nthawi ankapuma bwino, n'kuyamba kuingitsa ntchentche, n'kunena yekha modabwa kuti zinayi. Kuchokera kunkhokwe tinapita kudzala, kuchokera kudzala tinapita kukhola la mbuzi, kenako pansi pa mango a kumapeto kwa mudzi. Amayi sanabwerepo kudzaonerera ngakhale tsiku limodzi. Ankakhala kuseri kwa mpanda wawo akupeta, ndipo ndinkadabwa kuti chimanga chomwecho chikupetedwa masiku onsewa.

Titafika m'mphepete mwa munda wa pamsekese zinthu zinaima. Amuna anga ankaika phazi limodzi m'munda, nyemba n'kufika pa zisanu ndi zinayi, phazilo n'kubwerera lokha. Masiku anayi zinali choncho. Kum'mawa mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo aliwonse. Anifirimeru anati tisataye mtima, abweranso Lachiwiri ndi nzeru ina.

Lachiwiri sanabwere. Lachitatu tinamva kuti posito yatenthedwa, ndipo anyamata a m'tchire atenga anifirimeru kuti azikawasamalira ovulala awo. Sitinamvenso za iwo mpaka lero, ngakhale ndinafunsa anthu ambiri nkhondo itatha. Kope lija liyenera kuti linapsa, mzere wa amuna anga uli wosamaliza. Sanadziwe ngati buku lawo linanena zoona, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa mmene ndinkaganizira kuti zingandiwawire za munthu amene ndinamumana moni.

Amuna anga anabwerera pakhonde. Anati onani, munthu amene ankatiuza kuti tisaope uja ali kuti? Ndinalira kuseri kwa nyumba, kenako ndinapita kukalima.

Patapita masiku awiri amayi anandiitana.

"Mawa m'mawa ubwere nawo amuna ako panjira ya pamsekese. Iwo patsogolo, iwe pambuyo. Akatembenuka usawapatse njira. Ukawapatsa, si iwe mwana wanga."

"Amayi, mukufuna muwachititsenso manyazi?"

"Ndakufunsa maganizo?"

Njira imeneyo imadutsa pakati penipeni pa munda wa amayi, ndipo ndi yopapatiza moti anthu awiri sangapambanepo. Amuna anga ndinawanamiza kuti kudambo kwagwera mbuzi yathu m'chitsime. Tili pakati pa munda, amayi anatulukira kutsogolo, lichero lili pamutu, akuyenda ngati munthu amene alibe kopita.

Amuna anga anaima. Anatembenuka, n'kupeza ine.

"Mayi a mwana, ndipatseni njira."

"Sindikupatsani."

"Chonde."

Chonde ameneyo ndimamumvabe mpaka lero. Anali wa munthu amene akupempha moyo wake kwa mkazi wake, ndipo ine ndinayang'ana kumwamba kwa msekese n'kukhala ngati sindinamve.  Amayi ankayandikirabe. Amuna anga anayang'ana kwa ine, n'kuyang'ana kwa amayi, ndipo sindidziwa kuti chinapambana n'chiyani, kaya ulemu, kaya masabata aja a kuseri kwa nkhokwe, kaya kuopa amayi kumene aliyense pamudzi pathu anali nako. Anatseka maso, n'kuponda m'munda, kamodzi, kawiri, katatu, n'kunjuta atagwira mutu ndi manja onse, kudikira kuphulika.

Kunangomveka njiwa.

Amayi anafika pamene panali amuna anga, ndipo m'malo modutsa anatula lichero, n'kuyala chitenje pakati pa njira, n'kukhala pansi. M'licheromo munali mtedza wosasenda. Apa m'pamene ndinazindikira zimene anakonza. Mkamwini sabwerera panjira apongozi asanadutse, ndipo apongozi awa analibe maganizo odutsa.

Mwambo sulola kuti awiriwa ayankhulane maso ndi maso, choncho zonse zinkadzera mwa ine, ngakhale kuti onse ankamvana bwinobwino.

"Funsa kumeneko," anatero amayi akusenda mtedza. "Nyemba zingati?"

"Akuti nyemba zingati?"

Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Auzeni apongozi kuti khumi ndi ziwiri."

"Zimathera pa khumi," anatero amayi. "Ndinkamva ine kuseri kwa mpanda. Mwana wa boma uja anati khumi. Asawonjezere zawo."

Tinakhala. Dzuwa linakwera. Amuna anga anasanza kamodzi, amayi n'kuyang'ana kumbali ngati sanamve. Anthu opita kudambo ankafika, n'kuona mayi wachikulire atatseka njira ndi mtedza, mkamwini atanjuta m'munda, n'kulambalala okha m'mizere osafunsa kanthu, ndipo amuna anga ankawayang'ana mapazi mmodzimmodzi. Patapita nthawi anati zisanu ndi ziwiri. Amayi anati kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kupitiriza kusenda. Atati zisanu, amayi anandipatsa mtedza wodzaza dzanja kuti ndiwaponyere. Dzuwa lili pamutu amuna anga anati zitatu, ndipo anawonjezera kuti miyendo yachita dzanzi. Amayi ananyamuka, n'kukutumula chitenje, n'kudutsa. Ali chapatali anayankhula ngati akuuza mtengo.

"Mawa ndidutsanso pano. Mtedza ndili nawo wambiri."

Kunyumba amuna anga sanandiyankhule tsiku lonse. Koma m'mawa mwake ndinawapeza atavala kale, akundidikira pabwalo. Sindinachite kunamizira mbuzi.

Amayi anali ndi njira zawo zimene m'buku la masisitere ndikukayika ngati zinalimo. Tsiku lachiwiri anati, "Uwauze kuti ali pafupi kwambiri, ndikumva thukuta lawo. Mkamwini waulemu amapita patali." Amuna anga anasunthira mkati mapazi khumi. Tsiku lotsatira fungolo linkawafikabe amayi, ndipo linapitiriza kuwafika mpaka mkamwini atakanjuta kumalire a munda. Kenako m'mawa wina pamalo ponjutapo panapezeka khasu. Amayi anati sakudziwa amene analiiwala, koma munthu wongokhala amachita dzanzi. Amuna anga analiyang'ana nthawi yaitali. Kukhapa koyamba anakhapa ngati akupempha nthaka kuti iwakhululukire.

Sindinena kuti anachira ngati mmene zimathera nthano. Ankalima mzere umodzi n'kuima, khasu likagunda mwala ankalitaya n'kukhala pansi akupuma movutika, ndipo tsiku lina sanathe n'komwe. Koma ankabwerera. Mizere inkawonjezeka, yokhotakhota ngati yolima munthu woledzera, ndipo ine sindinaonepo mizere yokongola chotero.

Mvula sinatidikire. Inagwa munda utangofika pakati, ndipo sinali yongoyerekeza. Inagwa masiku awiri, dambo linadzaza, achule anayamba phokoso, inswa zinatuluka, ndipo mudzi wonse unathamangira kuminda ndi mbewu. M'mawa wa tsiku lachitatu atsibweni anafika pabwalo pathu ndi akuluakulu awiri a mbumba, atafunda masaka, nkhope zili zogwa. Sanafune kubwera, koma mawu ananenedwa pagulu, ndipo panali akamwini ena pamudzi amene ankayang'anitsitsa kuti aone ngati malamulo amaluma onse mofanana. Amuna anga anali atakulunga kale mphasa yawo. Ine ndinaima pakhomo mwana ali m'manja.

Amayi anatuluka m'nyumba mwawo akumanga mpango.

"Mwadzera chiyani m'mawa uno?"

"Mlongo," anatero atsibweni, "mvula ija yagwa."

"Iti?"

Atsibweni anayang'ana madzi amene ankayenda pabwalo n'kumawanyowetsa akakolo.

"Iyi."

"Ichi n'chizimalupsa," anatero amayi.

Chizimalupsa ndi kamvula kamene kamagwa nyengo isanakwane, kongozimitsa moto wa m'tchire ndi kugonetsa fumbi, ndipo palibe amadzalira kameneko. Mmodzi wa akuluakulu aja anatsokomola. Atsibweni anafunsa mofatsa ngati chizimalupsa chinayamba chagwapo masiku awiri mpaka kudzaza dambo.

"Chaka cha nkhondo chilichonse chimakula," anatero amayi. "Munda ndi wanga. Mvula yodzalira ndi imene ine ndadzalira. Mwandiona ndikudzala?"

Palibe anawaona. Atsibweni, monga mwa chizolowezi chawo, anaweruza molimba mtima kuti n'chizimalupsadi, ndipo anachoka mofulumira asanafunsidwe chifukwa chimene iwo anadzalira dzulo lake.

Ndinaseka mpaka misozi, koma kusekako sikunakhalitse. Amayi chibadwire anali asanaphonyepo mvula yoyamba. Ankati chimanga cha mvula yoyamba ndicho chimanga, chinacho ndi mapesi a ng'ombe. Tsopano anakhala pakhonde, mbewu ili m'dengu pambali pawo, akuyang'ana anzawo akupita kukadzala, kenako akuyang'ana chimanga cha anzawo chikumera. Amuna anga ankalima kuyambira m'bandakucha, m'matope, nthaka italemera, akuima, akuyambanso. Kuwathandiza sikunkaloledwa, popeza chigamulo chinati khasu lawo. Tsiku lachisanu ndinalephera kupirira.

"Amayi, tiyeni tidzale mbali yathayi. Mbewu ikuchedwa."

"Ndikaponya mbewu m'phando limodzi, ndiye kuti mvula yagwa," anatero osandiyang'ana. "Ikagwa, amuna ako apita. Ukufuna chimanga kapena ukufuna bambo wa mwanayo?"

Anadikira masiku khumi ndi limodzi, mpaka amuna anga atamaliza mzere womaliza. Tinadzala anzathu akuyamba kupalira, ndipo mvula chaka chimenecho inasiya msanga. Tinakolola zosafika ndi theka lomwe la nkhokwe. Njala tinaimva ndithu, ya gaga ndi mango osapsa owiritsa, ndipo amayi, amene ankakankhira mbale yawo kwa mdzukulu n'kumati adya kale, anaonda mpaka chitenje chinkawazungulira kawiri. Amuna anga ankadziwa chimene chinawaondetsa. Anandituma kangapo kuti ndikawathokozere, amayi n'kumandibweza kuti sakudziwa chimene ndikunena. Anthu akawafunsa kuti zinatani kuti mlimi ngati iwo akolole zochepa chonchi, ankayankha nkhope ili gwa kuti chaka chimenecho mvula inachedwa kumunda kwawo kokha.